Nkhokwe ya deta ya key-value ya m'kati mwa pulogalamu

Nkhokwe ya deta ya key-value ya m'kati mwa pulogalamu, imene pa Chingerezi imatchedwa *embedded key-value database*, ndi laibulale yaing'ono ya pakompyuta imene wolemba mapulogalamu amailowetsa m'pulogalamu yake kuti izisunga deta pa chipangizo chomwecho chimene pulogalamuyo ikugwirapo ntchito. Chinthu chilichonse chimasungidwa ndi dzina lake lapadera lotchedwa kiyi, ndipo chikafunika chimapezeka potchula kiyiyo. Nkhokwe yotereyi imagwira ntchito popanda seva, popanda intaneti komanso popanda munthu wapadera woiyang'anira. Zodziwika kwambiri ndi Berkeley DB, LevelDB, RocksDB, LMDB ndi bbolt.

Nkhokwezi zimapezeka m'mafoni, m'mabulawuza a intaneti ndiponso m'kati mwa mapulogalamu akuluakulu a pa seva. Phindu lake limaonekera kwambiri kumadera kumene netiweki ndi magetsi zimavuta, monga m'chigwa cha Shire m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, chifukwa wogwira ntchito amatha kupitiriza kulemba ndi kuwerenga deta ngakhale foni yake isakugwira netiweki. Komabe kusunga deta m'chipangizo chimodzi kuli ndi mavuto ake, makamaka magetsi akazima mwadzidzidzi, chipangizo chikatayika, kapena zipangizo ziwiri zikalemba zinthu zosemphana.

## Tanthauzo

### Kiyi ndi chosungidwa

Deta ya m'nkhokwe yotereyi imakhala ziwiriziwiri: kiyi ndi chosungidwa chake. Kagwiridwe kake kamafanana ndi buku la ngongole la mwini golosale. Pamwamba pa tsamba lililonse pamakhala dzina la kasitomala, ndipo m'munsi mwake mumalembedwa zimene anakongola. Dzinalo ndiye kiyi, ndipo zolembedwa m'munsizo ndiye chosungidwa. Mwini golosale akafuna kudziwa ngongole ya munthu mmodzi amangotsegula tsamba lake n'kupeza yankho nthawi yomweyo. Koma akafuna kudziwa anthu onse amene anakongola sopo, ayenera kuwerenga buku lonse tsamba ndi tsamba. Nkhokwe ya key-value ilinso chimodzimodzi: imafulumira kwambiri pamene kiyi akudziwika, ndipo imachedwa ikafunsidwa za zimene zili m'kati mwa zosungidwazo.

Malaibulale ambiri amaona kiyi ndi chosungidwa ngati mndandanda wa mabaiti basi. Sasamala ngati chosungidwacho ndi mawu, nambala, chithunzi kapena fomu yonse yolembedwa mu JSON. Kumasulira mabaitiwo ndi ntchito ya pulogalamu imene inawalemba.

### M'kati mwa pulogalamu

Nkhokwe monga MySQL ndi PostgreSQL zimakhala mapulogalamu apadera amene amayatsidwa pa seva, ndipo mapulogalamu ena amalankhula nazo kudzera pa netiweki. Nkhokwe ya m'kati ilibe pulogalamu yakeyake. Imamangidwa pamodzi ndi pulogalamu imene ikuigwiritsa ntchito, imayamba pulogalamuyo ikayamba, ndipo imaima pulogalamuyo ikatsekedwa. Deta yake imakhala m'fayilo imodzi kapena m'foda imodzi pa diski. Pa chifukwa chimenechi, munthu amene waika pulogalamu pa foni yake sadziwa n'komwe kuti m'kati mwake muli nkhokwe.

## Mbiri

Laibulale yoyamba yodziwika ya mtundu umenewu ndi dbm, imene Ken Thompson analemba ku Bell Labs ndipo inatuluka ndi Unix mu 1979. Kenako kunabwera ndbm ya ku Berkeley ndi GDBM ya gulu la GNU, zimene zinatengera kagwiridwe komweko.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pa University of California, Berkeley panalembedwa Berkeley DB. Mu 1996 Margo Seltzer ndi Keith Bostic anayambitsa kampani ya Sleepycat Software kuti ipititse patsogolo laibulaleyi, ndipo mu 2006 kampani ya Oracle inagula Sleepycat. Mu 2013 Oracle inasintha laisensi ya Berkeley DB kukhala AGPL, zimene zinachititsa kuti ena mwa olemba mapulogalamu aulere ayambe kufunafuna malaibulale ena.

Mu 2011 kunatuluka malaibulale awiri amene akugwiritsidwabe ntchito kwambiri. Jeff Dean ndi Sanjay Ghemawat a ku Google anatulutsa LevelDB, imene inatengera nzeru za nkhokwe yaikulu ya kampaniyo yotchedwa Bigtable. Howard Chu wa kampani ya Symas analemba LMDB kuti izigwira ntchito mu OpenLDAP. Facebook inatenga LevelDB n'kuikonza kuti izithamanga bwino pa madiski a SSD, ndipo inaitulutsa kwa anthu onse mu 2013 ndi dzina loti RocksDB. Ben Johnson analemba Bolt m'chinenero cha Go potengera LMDB, ndipo mphukira yake ya bbolt ndi imene imasunga deta ya etcd, nkhokwe imene Kubernetes imadalira.

Pa mafoni a Android pali SharedPreferences, njira yosavuta yosungira zinthu zing'onozing'ono monga chinenero chimene munthu wasankha, komanso MMKV imene kampani ya Tencent inalemba chifukwa cha WeChat. Bulawuza ya Chrome yakhala ikugwiritsa ntchito LevelDB kwa zaka zambiri posunga deta ya IndexedDB, ndipo pulogalamu ya Bitcoin Core imasungiramo ndondomeko ya ndalama zimene sizinagwiritsidwe ntchito.

## Ntchito zimene imagwira

Malamulo a nkhokwe ya key-value ndi ochepa, ndipo wophunzira angathe kuwadziwa onse tsiku limodzi:

- put: kusunga chinthu pa kiyi; ngati kiyiyo analipo kale, chakalecho chimalowedwa m'malo;
- get: kutenga chimene chili pa kiyi;
- delete: kufufuta kiyi ndi chosungidwa chake;
- kuyenda m'makiyi: kuwerenga makiyi motsatizana kuyambira pena kukafika pena;
- batch kapena transaction: kumanga zolemba zingapo pamodzi kuti zichitike zonse kapena zilephereke zonse.

Chinenero cha Python chimabwera ndi kalaibulale ka dbm, choncho munthu akhoza kuyesa popanda kuchita dawunilodi china chilichonse:

```
import dbm
with dbm.open("kaundula", "c") as db:
    db["banja/0457"] = "mudzi=12;anthu=6"
    print(db["banja/0457"])
```

Pulogalamuyi ikatsekedwa n'kutsegulidwanso, banja la nambala 0457 limapezekabe m'fayilo ya kaundula. Malaibulale a mtundu wa dbm sasanja makiyi mwa dongosolo, pamene LevelDB, RocksDB, LMDB ndi bbolt zimawasanja motsatira mabaiti ake, monga momwe mawu amasanjidwira m'dikishonale.

## Kasungidwe ka deta pa diski

Malaibulale amakono ambiri amatsata imodzi mwa njira ziwiri.

### Mtengo wa B

Njira ya B-tree inafotokozedwa ndi Rudolf Bayer ndi Edward McCreight kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Deta imagawidwa m'masamba ofanana kukula, ndipo masambawo amalozerana ngati nthambi za mtengo. Pofuna kiyi, laibulale imayambira pa tsinde n'kutsata nthambi zochepa chabe mpaka kufika pa tsamba lomwe lili ndi kiyiyo. LMDB ndi bbolt zimagwiritsa ntchito mtundu wa njirayi wotchedwa B+ tree.

LMDB silemba pamwamba pa tsamba limene likugwiritsidwa ntchito. Imakopera tsambalo pamalo ena, n'kusintha kopeyo, ndipo zonse zikatheka m'pamene imasuntha cholozera kuti chiloze mtengo watsopano. Chifukwa cha zimenezi owerenga ambiri angathe kuwerenga nthawi imodzi osadikira wolemba, ngakhale kuti wolemba amaloledwa mmodzi yekha pa nthawi. Wolemba mapulogalamu ayenera kunena pasadakhale kukula kumene fayilo ingafike, ndipo kiyi saposa mabaiti 511 ngati laibulaleyo sinasinthidwe poimanga.

### Mtengo wa LSM

Njira ya LSM tree inafotokozedwa mu 1996 ndi Patrick O'Neil ndi anzake, ndipo ndi imene LevelDB ndi RocksDB zimatsata. Cholemba chatsopano chimawonjezedwa kumapeto kwa fayilo yotchedwa log, ndipo nthawi yomweyo chimaikidwa m'tebulo la mu memori. Tebulolo likadzaza, lomwe mu LevelDB limakhala la mamegabaiti 4 ngati silinasinthidwe, limatsanulidwira pa diski ngati fayilo yosanjidwa bwino imene sisinthidwanso. Mafayilo akachuluka, laibulale imawaphatikiza payokha n'kutaya zakale ndi zofufutidwa. Ntchito imeneyi imatchedwa compaction.

Kulemba m'njira imeneyi kumafulumira chifukwa zonse zimangowonjezedwa kumapeto. Vuto lake ndi lakuti deta yomweyo imalembedwa kangapo pophatikiza mafayilo, zimene zimadya batire ndiponso kufupikitsa moyo wa memori ya foni, popeza memori yamtunduwu ili ndi malire a maulendo amene ingalembedwe. Komanso foda ya LevelDB imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi yokha pa nthawi.

## Magetsi akazima

Funso lalikulu pa nkhokwe iliyonse ndi lakuti chimachitika n'chiyani chipangizo chikazima ntchito ili m'kati. Pulogalamu ikalemba fayilo, kompyuta siika deta pa diski nthawi yomweyo. Imayamba yaisunga mu memori kwa kanthawi kuti zinthu zifulumire. Magetsi akazima pa kanthawi kameneko, zolembedwazo zimatayika ngakhale kuti pulogalamu inaonetsa kale kuti zasungidwa.

Malaibulale amasiyana pa nkhaniyi. LevelDB ikangotsegulidwa osasintha chilichonse sidikira kuti deta ifike pa diski. Pulogalamu yokha ikagwa palibe chimene chimatayika, koma chipangizo chonse chikazima zolemba zomalizira zikhoza kusowa. Wofuna chitsimikizo ayenera kuyatsa chisankho cha sync pa zolemba zofunika, ndipo kulembako kumachedwerapo. LMDB imadikira diski pa mapeto a transaction iliyonse pokhapokha itauzidwa kuti isatero, ndipo ikatsegulidwa magetsi atabwera imaonetsa deta monga inalili pa transaction yomaliza imene inatheka.

Vuto lina ndi ntchito yochitika theka. Mwachitsanzo, pulogalamu ya gulu la banki m'khonde ikamalemba ngongole imasintha zinthu ziwiri: imachotsa ndalama m'thumba la gulu, n'kulemba ngongole pa kiyi wa membala. Foni ikazima pakati pa zolemba ziwirizi, ndalama zimaoneka kuti zachoka koma palibe amene akuoneka kuti wakongola, ndipo msungichuma ndi amene amakayikiridwa. Zolemba zoyendera limodzi ngati zimenezi ziyenera kumangidwa mu batch kapena transaction imodzi.

Ngakhale laibulale itachita zonse moyenera, imadalirabe chipangizo kuti chinene zoona. Makhadi a memori achinyengo, amene amaonetsa kukula koposa kumene ali nako, amawononga mafayilo mwakachetechete akangodzaza.

## Kufunika kwake m'chigwa cha Shire

Malinga ndi kalembera wa anthu wa 2018, boma la Chikwawa linali ndi anthu 564,684 ndipo la Nsanje linali ndi 299,168. Ambiri amakhala m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Shire ndi mitsinje imene imathiramo, monga Ruo ndi Mwanza. Derali limasefukira kawirikawiri. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 anasowetsa pokhala anthu pafupifupi 230,000 m'dziko muno, ndipo Nsanje ndi Chikwawa anali ena mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Mvula ya namondwe wa Idai mu Malichi 2019, namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 zinabweretsanso mavuto omwewo. Ana anawononga damu la Kapichira ku Chikwawa, ndipo dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 a magetsi kwa nthawi yoposa chaka. Dera la Makhanga, kum'mawa kwa Shire m'boma la Nsanje, limadulidwa madzi akasefukira moti limafikika pa bwato kapena pa helikopita.

Nthawi zoterezi m'pamene kaundula amafunika kwambiri: mabanja amene afika pa msasa, ana amene alandira katemera, amayi oyembekezera, odwala amene mankhwala awo apita ndi madzi, ndi matumba a ufa amene agawidwa. Ndi nthawi yomweyonso imene misewu imaduka, magetsi amazima ndipo netiweki ya mafoni imavuta. Pulogalamu imene imafuna seva pa cholemba chilichonse imaima, pamene yokhala ndi nkhokwe m'kati mwake imapitiriza kulemba n'kudzatumiza deta netiweki ikapezeka. Kutentha kwa m'chigwachi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, kumafooketsanso mabatire, ndipo foni ya batire lotha imazima mosachenjeza. Choncho nkhani ya zolemba zotayika chipangizo chikazima imakhudzanso mafoni, osati makompyuta a mu ofesi okha.

### Mapulogalamu ogwira ntchito popanda netiweki ku Malawi

Ku Malawi kuli kale mapulogalamu angapo amene amasunga deta m'chipangizo, ngakhale kuti si onse amene amagwiritsa ntchito nkhokwe ya key-value. Owerenga anthu pa kalembera wa 2018 ankalemba pa matabuleti. Mabungwe ambiri amatolera deta m'midzi ndi ODK Collect kapena KoboCollect, zimene zimasunga mafomu m'foni mpaka atatumizidwa. Unduna wa Zaumoyo umagwiritsa ntchito DHIS2, imene inachokera ku University of Oslo, ndipo pulogalamu yake ya Android imasunga deta mu SQLite.

Chitsanzo choyandikira kwambiri ndi Community Health Toolkit ya bungwe la Medic, limene ntchito yake inayambira pa chipatala cha St Gabriel ku Namitete mu 2008 potumizirana mauthenga a SMS ndi odzipereka a zaumoyo a m'midzi. Mapulogalamu omangidwa pa Toolkit imeneyi amasunga deta m'foni ndi PouchDB, imene imasunga fomu iliyonse pa kiyi wake mu IndexedDB, ndipo netiweki ikapezeka imagwirizanitsa detayo ndi CouchDB ya pa seva. Ku Neno, boma loyandikana ndi chigwachi cha kumpoto, bungwe la Partners In Health, lodziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo, linapatsa ogwira ntchito zaumoyo a m'midzi pulogalamu ya YendaNafe yomangidwa m'njira imeneyi.

## Kusankha makiyi

Popeza kiyi ndiye njira yokhayo yofulumira yopezera deta, kasankhidwe ka makiyi ndi kamene kamachititsa kuti pulogalamu iziyenda bwino kapena izivuta.

Dzina si kiyi wabwino. M'mudzi umodzi mukhoza kukhala anthu angapo a dzina limodzi, ndipo dzina lomwelo limalembedwa mosiyana malinga ndi amene akulemba, makamaka kudera ngati chigwa cha Shire kumene anthu amalankhula Chisena ndi Chimang'anja. Ngakhale dzina la boma limalembedwa pawiri, Chikwawa ndi Chikhwawa, ndipo kwa nkhokwe amenewa ndi makiyi awiri osiyana.

Nambala ya chiphaso cha unzika imathandiza, koma siikwanira payokha. Chiphasochi, chimene National Registration Bureau inalembetsa anthu ambiri mu 2017, chimaperekedwa kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo, choncho ana alibe. Ena amafika pa msasa chiphaso chitapita ndi madzi.

Manambala ongowerenga 1, 2, 3 amawombana ngati zipangizo zili zambiri. Matabuleti awiri amene sakuonana akhoza kupereka nambala 457 kwa mabanja awiri osiyana. Njira yozolowereka ndi kugwiritsa ntchito UUID, nambala ya mabiti 128 yopangidwa mwachisawawa, kapena kuyamba kiyi aliyense ndi nambala ya chipangizo chimene chamupanga.

Makiyi oyamba mofanana amakhala moyandikana. M'nkhokwe yosanja makiyi, makiyi onse oyamba ndi `mudzi/12/` amawerengedwa ulendo umodzi. Manambala amafunika kuwadzaza ndi maziro kutsogolo, chifukwa posanja mabaiti 10 amabwera patsogolo pa 9, pamene 09 amabwera patsogolo pa 10. Madeti amalembedwa kuyambira chaka, mwezi kenako tsiku, monga 2023-03-13, kuti asanjike motsatira nthawi.

Chinthu chosinthasintha chisalowe m'kiyi wamkulu. Banja likachoka ku Makhanga n'kukakhala pa msasa ku Bangula, mudzi wake wasintha koma banjalo ndi lomwelo. Njira yabwino ndi kusunga banjalo pa kiyi wosasintha monga `banja/0457`, n'kupanga kiyi wachiwiri wongolozera monga `mudzi/12/0457`. Kiyi wachiwiriyu ndiye index. Nkhokwe za SQL zimasamalira ma index pazokha, koma kuno ndi udindo wa wolemba pulogalamu kulemba ndi kufufuta makiyi onse awiri mu transaction imodzi.

## Kutumiza deta ku seva

LevelDB, LMDB ndi zinzake sizidziwa chilichonse chokhudza netiweki. Kutumiza deta kumafunika kulembedwa padera kapena kutengedwa ku laibulale ina monga PouchDB. Njira yofala ndi kukhala ndi gulu la makiyi a zodikira kutumizidwa. Cholemba chilichonse chatsopano chimaikidwanso m'gulu limeneli, ndipo chimachotsedwamo pokhapokha seva itayankha kuti yalandira. Netiweki ikaduka yankholo lisanafike, foni imatumizanso, choncho seva iyenera kuzindikira kiyi amene inalandira kale kuti isalembe chinthu chimodzi kawiri.

Chovuta kwambiri ndi kusemphana. Alangizi awiri a zaumoyo akhoza kusintha zokhudza banja limodzi aliyense pa foni yake, onse alibe netiweki. Mapulogalamu ena amangotenga chimene chinalembedwa pomalizira, koma njirayi imadalira wotchi ya foni, imene ikhoza kusokonekera batire likatheratu. CouchDB imasunga mbali zonse ziwiri, imasankha imodzi kuti izioneka, ndipo inayo imatsala mpaka pulogalamu kapena munthu ataweruza. Kufufuta nakonso kumafuna chizindikiro chotsalira chosonyeza kuti chinthucho chinafufutidwa, apo ayi foni imene inali kutali imachibweza ikadzalumikizidwa.

Pali ntchito zina zimene nkhokwe ya m'chipangizo singathe kuzitsimikiza payokha. Boma litayamba ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo ya AIP mu 2020, ogulitsa ankatsimikiza alimi ndi chiphaso cha unzika kudzera pa netiweki, ndipo manyuzipepala analemba kangapo za alimi amene ankadikira nthawi yaitali netiweki itagwa. Kusunga mndandanda wa alimi m'foni kungachepetse kudikirako, koma foni yopanda netiweki singadziwe ngati chiphaso chomwecho chagula kale pa depoti ina. Njira imodzi yochepetsera vutoli ndi kugawa mndandanda kuti munthu aliyense akhale pa chipangizo chimodzi chokha, ngakhale kuti zikatero munthuyo sangathandizidwe kwina.

## Zofooka ndi chitetezo

Deta imene sinatumizidwe ili pamalo amodzi basi. Foni ikagwera m'madzi pokwera bwato, ikabedwa kapena ikapsa poitchaja, ntchito ya masiku onse amene sinatumizidwe imapita nayo. Pa chifukwa chimenechi mapulogalamu abwino amaonetsa poyera chiwerengero cha zolemba zimene zikudikira, ndipo ena amalola kukopera deta ku chipangizo china chapafupi popanda intaneti. Kukopera mafayilo a nkhokwe pulogalamu ili yotsegula kukhoza kupereka kope yowonongeka, choncho pamafunika zida za laibulaleyo, monga mdb_copy ya LMDB kapena checkpoint ya RocksDB.

Malaibulale ambiri a mtunduwu alibe mapasiwedi kapena maakaunti a ogwiritsa ntchito, ndipo LevelDB ndi bbolt sizibisa deta pazokha. Aliyense amene wapeza fayiloyo akhoza kuiwerenga. Izi n'zoopsa pamene fayilo ili ndi mayina a anthu omwa ma ARV kapena a mabanja olandira ndalama za Mtukula Pakhomo. Chitetezo chimadalira encryption ya foni yonse, loko wa pa sikirini, kapena pulogalamu kubisa chosungidwa chilichonse isanachilembe. Foni iyeneranso kusunga deta ya dera la mwini wake lokha, osati ya boma lonse. Lamulo la Malawi loteteza deta la 2024, limene MACRA imayang'anira, limapereka udindo woteteza deta ya anthu kwa amene akuitolera.

Vuto lina limabwera pulogalamu ikasinthidwa. Popeza nkhokwe siidziwa maonekedwe a chosungidwa, pulogalamu yatsopano ikhoza kulephera kuwerenga zimene yakale inalemba. Mafoni a kumidzi amatha miyezi asanalandire pulogalamu yatsopano chifukwa cha kudula kwa bandulo, choncho mitundu ingapo ya pulogalamu imodzi imagwira ntchito nthawi imodzi. Kuika nambala ya mtundu m'chosungidwa chilichonse kumathandiza pulogalamu kudziwa mawerengedwe ake.

## Kusiyana kwake ndi SQLite

SQLite, imene D. Richard Hipp anatulutsa mu 2000, nayonso ndi nkhokwe ya m'kati mwa pulogalamu, koma imasunga deta m'matebulo ndipo imafunsidwa ndi chinenero cha SQL. Imabwera kale m'mafoni a Android ndi a iPhone. Ngati pulogalamu ikufuna kuyankha mafunso osiyanasiyana, monga kuchuluka kwa ana osakwana zaka zisanu m'midzi itatu amene sanalandire katemera wa chikuku, SQLite imachita zimenezi ndi lamulo limodzi, pamene m'nkhokwe ya key-value wolemba pulogalamu ayenera kukonza ma index ndi kawerengedwe konse yekha.

Nkhokwe ya key-value imayenera pamene deta imafunidwa nthawi zonse ndi kiyi wodziwika, monga nambala ya pa khadi kapena ya pa barcode, pamene zolemba ndi zambiri ndipo zikubwera mofulumira, posunga mzere wa zodikira kutumizidwa, posunga kope ya zinthu zochokera pa intaneti kuti zisachitidwenso dawunilodi, komanso ngati maziko omangirapo nkhokwe ina yaikulu. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito zonse ziwiri, iliyonse pa ntchito yake.

Posankha laibulale, olemba mapulogalamu amayang'ana chinenero chimene akulembera, ngati mapulogalamu angapo adzafunika kutsegula fayilo imodzi, kuchuluka kwa zowerenga poyerekeza ndi zolemba, memori ya chipangizo, ndi laisensi. LevelDB ili ndi laisensi ya BSD, LMDB ili ndi ya OpenLDAP, RocksDB ili ndi ya Apache 2.0 komanso GPLv2, bbolt ili ndi ya MIT, ndipo SQLite inaperekedwa kwa anthu onse popanda umwini. Pa pulogalamu yokagwira ntchito kumalo ovuta magetsi, mayeso ofunika ndi kuzimitsa chipangizo mwadala ili m'kati molemba, kubwereza zimenezi kambirimbiri, n'kuona ngati nkhokwe ikutsegukabe komanso ngati zonse zimene inanena kuti zasungidwa zikupezeka.